Zida zophunzitsira hatchi yaing'ono: chogula, chobwereka ndi chosiya

Hatchi ya zaka 3 kapena 4 ikangoyamba maphunziro, chimene chimasowetsa mtendere mwini wake ndi mutu. Imaukweza m'mwamba, imaupukusa, imayasama, pokhota imaumitsa khosi. Maganizo ndiye amathamangira pa kugula chida choti chiutsitse, ndipo zida zoterezi zilipo mbwee. Pafupifupi chilichonse chimautsitsadi mutuwo tsiku lomwelo. Vuto ndi lakuti mutu umangoonetsa zimene zikuchitika kumbuyo. Hatchi ikamaponda mozama kunsi kwa mimba yake ndi miyendo yakumbuyo, msana umakwera n'kumasuka, khosi n'kutsika lokha. Miyendo ija ikamatsalira, mutu mukhoza kuumanga pamalo okongola koma msana uli gwa, wolowa pansi, pamene msanawo ndi umene udzanyamule wokwera kwa zaka zambiri.

Zoyamba kuziganizira

Thupi la hatchi ya msinkhu umenewu silinathe kukula. Mafupa a m'mawondo amakhwima cha pa zaka 2, n'chifukwa chake imaoneka ngati yakwana. Koma a msana ndi a patsinde pa khosi ndi omaliza, amafika mpaka zaka 5 ndi theka kapena 6, ndipo pa mahatchi ataliatali amachedwerapo. M'kamwa namo muli ntchito: kuyambira zaka 2 ndi theka kufikira 4 ndi theka hatchi imagwetsa mano oyamba, nkhama zimapweteka, zidutswa za mano akale zimatsalira pamwamba pa atsopano. Mahatchi ena ali ndi timano totchedwa wolf teeth, timene timamera kutsogolo kwa mano otafunira, pafupi penipeni ndi pamene chitsulo cha m'kamwa chimakhala. Dokotala wa ziweto ayang'ane m'kamwa musanaike chitsulo, ndipo aziyang'ananso miyezi 6 iliyonse mpaka mano onse atasintha. Mahatchi ambiri opukusa mutu amafunika dokotala ameneyu chingwe china chisanagulidwe.

China ndi momwe hatchi imaphunzirira. Imagwira phunziro pamene kukoka kwasiya. Mukakoka chingwe, iyo n'kugonjera, inu n'kumasula nthawi yomweyo, imadziwa kuti yankho ndi limenelo. Mukachedwa ndi masekondi angapo, phunziro lapita. Choncho chida chilichonse chifunsidwe mafunso awiri. Kodi chimamasuka hatchi ikachita bwino? Nanga ikadzidzimuka, ikapunthwa kapena ikabwerera m'mbuyo mwadzidzidzi, chimaipatsa mpata kapena chimaithina koposa?

Kenako ndiye mtengo, kupezeka, kusamalira ndi zoopsa. Pa mtengo musawerengere ndalama ya m'sitolo yokha. Chida chotchipa chimene chimafuna mphunzitsi waluso aime pambali panu, kapena chimene chingakusiyireni hatchi yovulala khosi, ndi chodula.

Cavesson ndi chingwe chachitali

Cavesson ndi chomangira kumutu chokhala ndi lamba wochindikala wa pamphuno, amene ali ndi mphete zitatu zachitsulo pamwamba. Chingwe cha mamita 8 mpaka 10 chimakoledwa pa mphete yapakati, mphunzitsi amaima pakati, hatchi n'kumazungulira. Apa ndi pamene imaphunzira kumvera mawu, kusunga liwiro limodzi ndi kudzinyamula pokhota, m'kamwa mulibe kanthu. Lamba wa pamphuno akhale zala ziwiri kunsi kwa fupa lotumphuka la patsaya, pa fupa lolimba la mphuno. Mukamutsitsa kwambiri amapanikiza pofewa, ndipo hatchi imapumira m'mphuno mokha. Lamba wa kunsi kwa tsaya amangidwe ndithu. Akakhala lende, chingwe chikakoka, lamba wa mbali yakunja amatsetserekera m'diso.

Mtengo: wapakatikati. Ya nayiloni ndi yotchipa, ya chikopa yokhala ndi chitsulo m'kati mwa lamba imadula koma siyendayenda pamutu. Muwerengerenso chingwe, chikoti chachitali cholozera ndi magolovesi. Mukagula kamodzi iphunzitsa mahatchi ambiri.

Kupezeka: kumene amagulitsa zida za mahatchi siisowa, chovuta ndi saizi. Zambiri zimakula pamutu wa hatchi yaing'ono, koma mmisiri wa zikopa akhoza kuwonjezera mabowo. Chomangira kumutu wamba, chija timakokera hatchi pochokera m'khola, sichilowa m'malo mwake chifukwa chimazungulira pamutu.

Kusamalira: pukutani thukuta mukamaliza, yang'anani ulusi pamene mphete zasokedwa, chingwe chiyanikidwe chisanapindidwe.

Zoopsa: kuzungulira kumalemetsa mfundo za miyendo. Bwalo likhale la mamita 15 mpaka 20 kutambalala kwake, mphindi 20 zakwana, muzisintha mbali mphindi 5 zilizonse, ndipo musachite izi tsiku ndi tsiku. Chingwe chotsala muchipinde mapindi m'dzanja. Osachikulunga padzanja ngakhale kamodzi, chifukwa hatchi ikathawa imatenga zala.

Zingwe ziwiri zoyendetsera muli pansi

Apa mphunzitsi amagwira zingwe ziwiri zazitali, chimodzi mbali iliyonse, zodutsa mu mphete za lamba wa pamimba, n'kumayenda kumbuyo kapena cham'mbali mwa hatchi. Hatchi imaphunzira kukhota, kuima, kubwerera m'mbuyo ndi kutsogola yokha popanda munthu pamsana. Ubwino wake waukulu ndi wakuti chingwe chili m'manja mwa munthu, ndiye chimamasuka pamene munthuyo wafuna. Yambani zingwe zitakoledwa pa mphete zam'mbali za cavesson, kuchitsulo mupite hatchi itazolowera.

Mtengo: wochepa ngati muli kale ndi cavesson ndi lamba wa pamimba. Chingwe chachiwiri basi. Ndalama yeniyeni ndi ya munthu wokuphunzitsani kugwira.

Kupezeka: zingwe zimapezeka paliponse. Sankhani zopepuka, chifukwa kulemera kwa chingwe cha mamita 9 kumamveka m'kamwa ngakhale simukukoka.

Kusamalira: kuchapa, kuyanika, kuona ngati zokowera zikutseka bwino.

Zoopsa: hatchi yosazolowera chingwe chokhudza miyendo yakumbuyo imamenya mateche kapena kuthawa. Iphunzitseni kaye itaima, wina ataigwira kumutu, chingwe chikukhudza ntchafu pang'onopang'ono. Ikatembenukira kwa inu n'kudzizunguliza, zingwe zimaikulunga. Yambirani m'malo otchingidwa, ndipo musayende pamene theche lingakupezeni.

Lamba wa pamimba ndi chishalo

Lamba wophunzitsira, uja amati roller, amazungulira thupi kuseri kwa mapewa ndipo ali ndi mphete zokolera zingwe. Ndiye amaphunzitsa hatchi kumangidwa pamimba chishalo chisanabwere. Tsiku loyamba mumangeni mofewa, mutaikanso lamba wa pachifuwa kuti asatsetserekere kumbuyo. Mahatchi ambiri akamva kuthina koyamba amatukumula msana n'kudumpha, ndipo lamba akafika kumalo ofewa a kumbuyo kwa mimba, kudumphako kumasanduka mantha otenga masabata kuti athe.

Chishalo chikhale kuseri kwa fupa la phewa, chisapitirire nthiti yomaliza, ndipo pakati pa chishalo ndi fupa lotumphuka la pamwamba pa mapewa pazilowa zala ziwiri kapena zitatu munthu atakwera. Lamba wake mum'mange pamagawo awiri kapena atatu, mukuyendetsa hatchi pakati pake.

Mtengo: lamba ndi wotchipa, chishalo ndicho chodula kuposa zida zonse. Hatchi yaing'ono imasintha thupi msanga: mapewa amatambalala, minofu ya msana imadzaza, fupa la pamwamba pa mapewa limatuluka. Chishalo chokwana lero chikhoza kuthina pakatha miyezi 6. N'chifukwa chake chatsopano chamtengo wapatali pa zaka 3 ndi kutaya ndalama. Chogwiritsidwapo kale ntchito chokwana bwino, kapena chija chimene chitsulo chake cha kutsogolo chimasinthidwa, ndicho chanzeru.

Kupezeka: zishalo zilipo, osowa ndi anthu odziwa kuyeza. Musagule musanachiike pamsana pa hatchiyo.

Kusamalira: chikopa chipukutidwe ndi sopo wake, mafuta pang'ono chabe, chisungidwe pouma kuti chisachite chuku. Malamba omangirira ndi a zopondera muziwapinda kuona ngati akusweka. Kukwana kwa chishalo kuyezedwenso miyezi 3 mpaka 6 iliyonse.

Zoopsa: chishalo chothina chimachititsa hatchi kulowetsa msana ndi kukweza mutu, zomwe anthu amathamangira kuzichiza ndi zingwe. Yang'anani pamsana mukachotsa chishalo. Kachigamba kouma pakati pa thukuta, ubweya wopotana kapena kutupa ndi zizindikiro za kupanikiza, ndipo ubweya woyera umene umamera pambuyo pake umatanthauza kuti khungu linawonongeka kale. Kuika nsalu yochindikala kunsi kwa chishalo chothina kuli ngati kuvala masokosi awiri m'nsapato yaing'ono.

Chitsulo cha m'kamwa, kapena popanda chitsulo

Pa hatchi yaing'ono chitsulo chake ndi snaffle, chija chopanda ndodo zokhotetsera, chimene chimakoka ndi mphamvu yomweyo imene dzanja laika. Zitsulo za ndodo zazitali ndi tcheni cha kuchibwano zidikire zaka zina. Koma snaffle nayo ili mitundumitundu, ndipo apa m'pofunika kufatsa.

Cholumikizidwa pamodzi pakati chimapindika mukakoka zingwe zonse ziwiri, n'kufinya lilime ndi nsagwada m'mbali, ndipo nsonga yake ikhoza kugunda kumwamba kwa m'kamwa. Cholumikizidwa pawiri, chokhala ndi kachidutswa kosalala pakati, chimagona pa lilime bwino ndipo mahatchi ambiri amachilandira msanga. Cha mphira kapena pulasitiki chowongoka ndi chofewa, koma chimatafunika, ndipo m'kamwa mouma chimakhula ngodya za milomo. Kunena za m'mbali: cha mphete zozungulira momasuka chimalimbikitsa kutafuna koma chimatsina milomo chikachepa. Cha mphete zosayenda, eggbutt, chimakhala phee, chabwino kwa hatchi yamantha. Cha tindodo tam'mbali, full cheek, chimakankha tsaya pokhota ndipo sichidutsa m'kamwa mukakoka mbali imodzi, motero chimathandiza hatchi yosadziwa kukhota.

Anthu ambiri amaganiza kuti chitsulo chonenepa ndicho chofewa. Sikuti nthawi zonse. Lilime limadzaza m'kamwa, malo otsala ndi ochepa, ndipo cha mamilimita 14 mpaka 16 chimakwana mahatchi ambiri kuposa cha 20. M'litali mwake chitulukire theka la sentimita mbali iliyonse, ndipo chikwezedwe mpaka pangodya ya milomo pachite khwinya limodzi kapena awiri. Lamba wa pamphuno asiye malo a zala ziwiri pa fupa la mphuno. Nkhani ya lamba ameneyu yakula kotero kuti FEI, bungwe loyang'anira masewera a mahatchi pa dziko lonse, linayamba kuyeza kuthina kwake ndi kachida kapadera mu 2025. Hatchi ikamayasama ikukuuzani kanthu, ndipo kuitseka pakamwa ndi lamba n'kungoletsa uthengawo.

Popanda chitsulo, chosavuta ndi sidepull, imene zingwe zake zimakoledwa m'mbali mwa lamba wa pamphuno. Imathandiza kwambiri miyezi imene mano akusintha. Hackamore ya ndodo zachitsulo musaiyese yofewa poti m'kamwa mulibe kanthu: imachulukitsa mphamvu pamphuno ndi kuchibwano, ndipo pokhotetsa siithandiza.

Mtengo: chitsulo chosachita dzimbiri ndi chotchipa ndipo chimakhalitsa. Zosakaniza ndi mkuwa zimadula. Bwerekani ziwiri kapena zitatu muyese musanagule.

Kupezeka: kosavuta, kupatula masaizi aang'ono kwambiri.

Kusamalira: tsukani ndi madzi nthawi iliyonse, chifukwa malovu ndi udzu zikauma zimakhula milomo. Yendetsani chala pa mabowo a mphete ndi polumikizira. Pakachita mpeni, tayani.

Zoopsa: mabala a pangodya za milomo ndi pankhama, kubisa lilime pamwamba pa chitsulo, ndi m'kamwa mofa chifukwa cha dzanja losamasula. Tindodo ta full cheek timakola pa mpanda kapena pa lamba hatchi ikamadzikanda, choncho musaisiye yokha itavala.

Side reins

Izi ndi zingwe ziwiri zochokera pa lamba wa pamimba kufika pa mphete za chitsulo, chimodzi mbali iliyonse, zovalidwa pozungulira pa chingwe chachitali. Ntchito yake yoona ndi kupatsa hatchi chogwira chosasuntha, kuti iphunzire kuchitsatira ndi m'kamwa monga idzachitire ndi manja a wokwera. Sukulu zakale ngati Spanish Riding School ya ku Vienna zimazigwiritsa ntchito pa mahatchi aang'ono, koma m'manja mwa anthu amene aphunzira zaka zambiri.

Kavalidwe ndiye nkhani yonse. Hatchi iyambe yazungulira mphindi 5 mpaka 10 popanda zingwezi kuti minofu itenthe. Zikoledwe pa lamba cha pakati pa nthiti, pamwamba pang'ono pa msinkhu wa nsonga ya phewa. Masiku oyamba zikhale zazitali moti hatchi itaima mwachibadwa sizikoka n'komwe. Mukangozikola, yendetsani hatchi kutsogolo nthawi yomweyo, musaiimike. Fupikitsani bowo limodzi pakapita masiku angapo, mbali zonse mofanana, ndipo malire ndi awa: mukaiyang'ana cham'mbali, mphuno ikhale patsogolo pang'ono pa mzere wotsika chindunji kuchokera pamphumi. Ikalowa kumbuyo kwa mzerewo, zafupika. Zimagwira bwino pa trot, kathamangidwe ka pakati pa kuyenda wamba ndi kuthamanga kwambiri, pamene mutu suyendayenda. Poyenda wamba hatchi imagwedeza mutu pa sitepe iliyonse, ndiye zingwe zosasuntha zimafupikitsa mayendedwe ake. Mukamaliza, zimasuleni ndipo muilole itambasule khosi.

Mtengo: wotsika.

Kupezeka: paliponse, ndipo mmisiri wa zikopa akhoza kusoka. Zilipo za chikopa chokhachokha, za mphete ya mphira pakati, ndi za lasitiki. Za chikopa zimamasuka kwathunthu hatchi ikagonjera koma sizikhululuka ikapunthwa. Za mphete ya mphira zimalemera, zimadumphadumpha pa trot n'kumagogoda m'kamwa. Za lasitiki wofewa kwambiri zimaphunzitsa hatchi kutsamira pa chitsulo. Palinso zotsetsereka, Vienna reins, zimene zimachokera pakati pa miyendo yakutsogolo, kudutsa mu mphete za chitsulo n'kubwerera m'mbali mwa lamba. Izi zimalola khosi kutsika ndi kutambasuka, ndipo pa hatchi yaing'ono ndimaziika patsogolo pa zinzake.

Kusamalira: lasitiki ndi mphira zimatha ndi dzuwa ndi thukuta, ndipo chimodzi chimatalika kuposa chinzake. Muziziyika pamodzi n'kuyerekeza, musadalire kuwerenga mabowo.

Zoopsa: zazikulu. Hatchi yodzimva kuti yamangidwa imabwerera m'mbuyo, imaimirira ndi miyendo yakumbuyo, ndipo popeza khosi silingaithandize kudziwongola imagwa chagada. Kugunda nkhongo pansi kumapha. Musaikoke pamanja, musailumphitse ndipo musaisiye m'khola itavala zingwezi.

Chambon ndi De Gogue

Chambon imachokera pa lamba wa pamimba, kudutsa pakati pa miyendo yakutsogolo, kukwera mpaka pa timphete ta pankhongo kuseri kwa makutu, n'kutsikira ku chitsulo. Hatchi ikakweza mutu imamva kupanikiza pankhongo ndi pangodya za milomo. Ikatsitsa n'kutambasula mphuno kutsogolo, zonse zimakhala lende. Pa funso la kumasuka, chida ichi chimayankha bwino kuposa zambiri, ndipo sichikokera mphuno kuchifuwa. Ndi cha pa chingwe chachitali chokha, osakwera nacho. De Gogue imafanana nayo, koma chingwe chimadutsa mu chitsulo n'kubwerera kuchifuwa, motero imakokeranso mphuno m'kati. Pa hatchi yaing'ono kusiyana kumeneku n'kokwanira kuti muisiye.

Mtengo: wapakati kapena wotsika.

Kupezeka: sizipezeka m'sitolo iliyonse, ndipo ndi zida za miyezi yochepa. Kubwereka n'kokwanira.

Kusamalira: tizingwe timadyeka pamene timatsetsereka, timphete ta pankhongo timagwidwa ndi fumbi. Zikapanda kutsetsereka, chida sichimasula.

Zoopsa: hatchi yosadziwa kugonjera pankhongo imalimbana nacho n'kuimirira. Iphunzitseni kaye ndi dzanja kutsitsa mutu mukaikhudza kuseri kwa makutu. Vuto lina ndi la ulesi: ikapanda kuyendetsedwa mwamphamvu kuchokera kumbuyo, imangotsitsa mutu n'kumagwera kutsogolo, pamene miyendo yakutsogolo imanyamula kale gawo lalikulu la thupi.

Pessoa

Chida cha zingwe ndi tigudumu, chotchedwa dzina la Nelson Pessoa, katswiri wolumphitsa mahatchi wa ku Brazil. Lamba wofewa amadutsa kuseri kwa ntchafu, zingwe n'kulumikiza lambayo ndi chitsulo cha m'kamwa kudzera pa lamba wa pamimba.

Mtengo: wokwera kuposa zingwe zina zonse, ngakhale zofanizira zake n'zotchipa.

Kupezeka: kosavuta. Chovuta n'kumanga molondola, mbali zonse mofanana.

Kusamalira: zingwe zambiri, zokowera zambiri, zonse zofuna kuyang'aniridwa.

Zoopsa: popeza kumbuyo kwalumikizidwa ndi m'kamwa, mwendo wakumbuyo ukatambasukira m'mbuyo chitsulo chimagwedezeka. Hatchi imene ikungophunzira kukhulupirira chitsulo imalandira kagogodo pa sitepe iliyonse, ndipo zambiri zimabisa mphuno kuchifuwa kuti zithawe. Lamba wa kumbuyo payekha, wosalumikizidwa kukamwa, amakumbutsa miyendo popanda vuto limeneli.

Draw reins

Izi ndi zingwe zochokera pa lamba wa chishalo, kudutsa mu mphete za chitsulo, kufika m'manja mwa wokwera. Poti chingwe chikutsetsereka mu mphete, mphamvu ya dzanja imafika m'kamwa itawirikiza pafupifupi kawiri, ndipo wokwera samva kuti akukoka chotani. Palibe hatchi imene ingakane. Mutu umatsika, khosi limathyokera pakati, mphuno imalowa kuchifuwa, ndipo pachithunzi zimaoneka ngati zatheka. Zingwe zikachoka mumapeza chimodzi mwa ziwiri: hatchi yothawa chitsulo, imene mukagwira zingwe m'manja simumva kanthu, kapena hatchi yolimba minofu ya kunsi kwa khosi, yokoka kuposa kale. Kukonza yoyambayo kumatenga miyezi yambiri.

Mtengo: wotsika kwambiri pogula, wokwera kwambiri pokonza zimene zawonongeka.

Kupezeka: paliponse, mwatsoka.

Kusamalira: zimadyeka pamene zimakhula mphete.

Zoopsa: kupweteka kwa khosi ndi msana, kuchepa kwa mpweya ndi kusaona bwino kutsogolo khosi likapindika kwambiri, ndiponso kugwa chagada ndi munthu pamsana. Mu 2010 FEI inalengeza kuti kupinda mutu ndi khosi la hatchi mwa nkhanza n'kosaloledwa, ndipo bungwe la masewera a mahatchi ku Switzerland linaletsa zingwezi pa mipikisano yake kuyambira 2016. Pa hatchi yosakwana zaka 6 sindikuona chifukwa chozivekera.

Martingale ndi lamba wa m'khosi

Running martingale ndi lamba wochokera pa lamba wa chishalo, wodutsa pakati pa miyendo yakutsogolo, wokhala ndi mphete ziwiri zimene zingwe za wokwera zimadutsamo. Siitsitsa mutu, imangogwira ntchito hatchi ikauponya m'mwamba kwambiri. Poyeza, kokerani mphete m'mwamba: zifike pa fupa la pamwamba pa mapewa. Standing martingale imamangirira lamba wa pamphuno kuchifuwa, ndipo mukaikankhira m'mwamba iyenera kufika pakhosi. Lamba wa m'khosi ndi lamba wamba wozungulira tsinde la khosi, woti wokwera agwire hatchi ikadumpha m'malo mokoka m'kamwa.

Mtengo: wotsika. Lamba wa m'khosi mukhoza kumupanga ndi lamba wakale wa zopondera, bola akhale wolimba.

Kupezeka: kosavuta.

Kusamalira: ngati chikopa china chilichonse. Timphira toletsa mphete kutsetserekera ku chitsulo tisasowe pa zingwe.

Zoopsa: popanda timphirato mphete imakola pomangira chingwe, mutu n'kumangika mbali imodzi. Running martingale yaifupi imakokera chitsulo pansi pa nkhama nthawi zonse. Standing martingale imalepheretsa hatchi kudziwongola ikapunthwa, ndipo ichotsedwe musanawoloke madzi akuya. Lamba wa m'khosi alibe choopsa, bola asalendewere moti mwendo n'kulowamo.

Chiti pa vuto liti

Hatchi ya zaka 3 imene sinakwerekepo: cavesson, chingwe chachitali, lamba wa pamimba, kenako zingwe ziwiri. Chitsulo chizivalidwa kunsi kwa cavesson kwa masiku angapo popanda chokoledwa pa icho, ingochizolowera. Ngati ndalama ikukwana chida chimodzi chokha, gulani cavesson yabwino.

Masabata oyamba okwera: snaffle yolumikizidwa pawiri, ya full cheek ngati kukhota kukuvuta, chishalo choyezedwa, lamba wa m'khosi, ndi munthu pansi atagwira chingwe chachitali. Zingwe zina zonse zikhale pa msomali.

Yopukusa mutu, yoyasama kapena yokana mbali imodzi: mano, chishalo, msana ndi miyendo ziyang'anidwe kaye. Ngati ndi mano akusintha, sidepull kwa masabata angapo.

Yoyenda mutu uli m'mwamba, msana wolowa, dokotala atapeza kuti palibe chopweteka: yambani ndi mitengo yogoneka pansi. Pa trot italikirane mamita 1.2 mpaka 1.4 malinga ndi msinkhu wa hatchi, poyenda wamba masentimita 80 mpaka 90. Yambani ndi umodzi, kenako itatu, chifukwa iwiri hatchi imailumpha pamodzi. Imatsitsa mutu yokha kuti ione poponda, ndipo imapinda miyendo yakumbuyo. Onjezani kukwera zitunda zosatsetsereka kwambiri ndi kusinthasintha liwiro. Zikakanika pakatha masabata angapo, chambon yobwereka, mphindi 10, kawiri pa sabata, mphunzitsi alipo.

Yodziwa kuzungulira bwino koma yosakhazikika pa chitsulo: Vienna reins kapena side reins zazitali, pa trot, kwa mphindi zochepa mbali iliyonse.

Yobisa kale mphuno kuchifuwa: chotsani chilichonse chokokera m'kati. Bwererani ku cavesson, yendani mitunda yowongoka zingwe zili zazitali, mpaka iyambe kufunafuna dzanja yokha.

Yoponya mutu pafupi kugunda nkhope ya wokwera panja kapena polumpha: running martingale yoyezedwa bwino, uku mukufufuza chimene chikuichititsa.

Ngati mphunzitsi nayenso ndi watsopano pa ntchitoyi, asaveke hatchi chida chilichonse chimene chimamanga mutu popanda dzanja la munthu. Ndalama ya Pessoa kapena De Gogue ilipire munthu wodziwa kuti abwere kangapo, aime pabwalo, aone mapazi a hatchi ndi manja a wophunzitsayo, asonyeze nthawi yomasula.